Azakhali a Filomena ndi Choki cha Karinya Yawo

Loweruka lapitali tinachita Misa yokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni azakhali anga a Filomena, alongo awo a bambo anga. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene tinawaphikira. Ena anatsika pa njinga kuchokera ku Massangulo, ena anakwera kuchokera ku Mandimba, ndipo panali amayi angapo achisilamu amene sanalowe m'tchalitchi koma anayala zitenje panja n'kudikira mpaka Misa inatha. Titapita kumanda, akulu a mpingo anapempha kuti wina anenepo mawu. Anadzuka Che Saidi, bambo wachiyawo wa kutsidya kwa dambo, amene amayenda motsimphina. Tinkayesa kuti alankhula zambiri. Iwo anangoti, "Mwendo uwu ndi moyo uwu anandisungira ndi mayi awa ndi galimoto yawo." Atatero anakhala pansi.

Palibe anadabwa kumva galimoto ikutchulidwa pamanda. Kwathu ku Ngauma munthu sangakambe za azakhali osatchula karinya yawo, galimoto ya bokosi kumbuyo, ya nthawi ya Apwitikizi, yomwe utoto wake dzuwa linaudya mpaka sunkadziwika mtundu. Anaiyendetsa pafupifupi zaka makumi atatu. Inanyamula fodya, chimanga, makwaya, akwati, amayi apakati ndi maliro. Anthu ankafunsana m'mbali mwa msewu kuti, "Kodi a Filomena adutsa?" ndipo sunkadziwa ngati akunena munthu kapena galimoto.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala. Ankakhalira bulangete lopinda kanayi kuti aone kutsogolo, ndipo asanakhudze chilichonse ankavula nsapato n'kuziika pansi pa mpando, ati phazi lovala silimva.

Kumanzere kwa chiwongolero kunali kachitsulo kakuda, kamutu wozungulira ngati chotsekera botolo. Ife amene tinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo timati choki, amakaniko a ku Cuamba amati ari. Injini ikazizidwa imafuna petulo wambiri, amene kuno timati gazolina, ndi mpweya wochepa kuti ilire. Ukakoka choki, waya amatseka kachitseko kamene kali pakamwa pa kabuleta, momwe mpweya umasakanikirana ndi gazolina. Injini ikayamba kufunda umabweza pang'onopang'ono mpaka kachitseko katseguke konse. Ukafulumira kubweza, injini imazima. Ukachedwa, imamwa mopitirira, imafuka utsi wakuda n'kutsamwa.

Zimenezi aliyense akhoza kuziloweza. Koma azakhali ankazichita ngati mmene ena amathirira mchere m'ndiwo, osayeza. Mu Juni ankakoka chonse. Mu Okutobala ankangochisuntha ngati kutalika kwa chikhadabo. Kukagwa mvula ya masiku atatu, analinso ndi muyeso wake. Injini ikalira ankatsinzina, kupendeketsa mutu, zala ziwiri zili pa choki, ndipo nthawi imeneyo munthu sankaloledwa kuyankhula. Ndinaona ndi maso anga akuwadula mawu Bambo Mfumu amene anabwera kudzapempha ulendo. Anakweza dzanja n'kunena kuti, "Dikirani kaye, Abambo, ikuyankhula iyi." Bambo Mfumu anadikira.

Ankakonda kunena kuti amuna ambiri amayendetsa galimoto ngati akuilanga, ndi kuti magalimoto amene anawaona akufa m'msewu wa ku Lichinga sanafe ndi ukalamba, anafa chifukwa eni ake sankawamvera. Mawu omwewo ankawanenanso akamakamba za maukwati a anthu, ndipo si onse ankasangalala nawo.

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. Woledzera sankakwera karinya yawo, kaya ndi ndani. Anawatsitsapo bambo anga enieni, mchimwene wawo, pamlatho wa m'dambo chifukwa cha fungo la kachasu, ndipo bambo anafika kumudzi wapansi, atanyamula thumba la feteleza paphewa. Azakhali sankadziwa kupepesa ndi pakamwa. Akazindikira kuti alakwa, unkangoona mkoko wa nthochi uli pakhonde pako, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Koma wodwala sanamubwezepo. Mkhristu, Msilamu, wodana naye dzulo, onse ankagona pamphasa imodzi ya kumbuyo kwa karinya.

Mkangano wawo waukulu unali ndi mwana wawo Domingu, msuweni wanga, yekhayo amene anakula mwa ana awo. Domingu ndi makaniko, ali ndi ofisina yake yokonzera magalimoto ku Cuamba kufupi ndi njanji, ndipo kumeneko amamutcha mesitire, ndiye kuti katswiri. Kwa amayi ake anali Domingu basi. Chaka china anabwera pa Pasaka ndi nkhani ya choki chodzitsegula chokha. Ndinalipo, tinkasenda nyemba pakhonde.

"Amayi, mkati mwake muli kachitsulo kopiringizika ngati nkhono," anatero Domingu. "Kakazizira kamatseka kachitseko. Injini ikalira, magetsi amakafunditsa, kamatsegula kokha. Inu n'kungoponda phazi kamodzi, kupotokola kiyi, basi."

"Kachitsuloko kali ndi makutu?"

"Sikafunika makutu. Kamamva kutentha."

"Kutentha kwa ku Cuamba kwanuko. Kuno kumagwa nkhungu yoti khola la mbuzi sulioona. Nanga fumbi la msewu wa ku Massangulo likalowa n'kukagwira, ndikaitane ndani pakati pa tchire? Waya wangayu akaduka ndimangirira chingwe n'kumakoka. Chakocho chikafa ndimangirira chiyani?"

"Chimafa mwa kamodzikamodzi, Amayi."

"Kamodziko lidzakhala tsiku limene ndanyamula wodwala."

Domingu anafotokozanso kuti choki chimenecho chimabwera ndi kabuleta wakewake, watsopano, ndiye wakaleyo angochotsedwa. Azakhali anaika pansi lichero la nyemba n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso mpaka Domingu atatsanzika.

Mkanganowo unatenga zaka. Domingu anali ndi umboni wake, ndipo sunali wabodza. Nthawi ina azakhali atagona ndi malungo, analola akatekisita kuti apereke kwaya ku Mandimba. Akatekisitawo anakoka choki bwinobwino monga anawauzira, koma nyimbo zitayamba kumbuyo anaiwala kubweza. Anayenda ulendo wonse utsi wakuda uli tolotolo, ndipo karinya inakafera pafupi ndi msika, mavela onse, mapulagi a injini, atada ndi mwaye. Domingu anachita kukwera galimoto ku Cuamba kudzaidzutsa. Iye ankati galimoto imene angaithe munthu mmodzi yekha m'boma lonse ndi ngozi, chifukwa munthuyo naye amadwala. Ankatinso gazolina wopitirira amatsukuluza mafuta a m'injini n'kuikalambitsa. Azakhali anamvetsera zonsezo n'kugamula kuti vuto silinali choki, vuto linali akatekisita. Kuyambira tsikulo kiyi ankamangirira pansonga ya chitenje chawo, ndipo kwa zaka zambiri palibenso wina anakhala pampando umenewo.

Ine mumtima ndinali mbali ya Domingu, ngakhale pamaso pa azakhali ndinkamunena kuti akufuna kusandutsa amayi ake katundu wokwezedwa. Panthawiyo ndinkaganiza kuti azakhali akungouma mutu. Ndinachedwa kuona kuti chimene chinawalowetsa m'nyumba tsiku la nyemba lija sichinali choki. Anali mawu oti kabuleta wakale achotsedwe.

Karinya inali ya amuna awo, a Lolenso. Iwo ankayendetsera Mpwitikizi wina wa sitolo ku Mandimba, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo. A Lolenso anaphunzitsa akazi awo kuyendetsa m'dambo louma, anthu akuseka, ati mwamuna ameneyu akulera vuto. Iwo ankayankha kuti tsiku lina adzadwala ali kutali ndi kwawo, ndiye adzabwera nawo ndani.

Nkhondo itafika kwathu, magalimoto ankalandidwa kapena kutenthedwa m'misewu. A Lolenso anakankhira karinya m'chigwembe kuseri kwa chigafa cha fodya, anathira mafuta m'mabowo onse a injini, n'kufotsera ndi milimo, udzu ndi dothi. Kabuleta anamumasula kuti ngakhale wina apeze galimotoyo asailize. Iwo ndi azakhali anayenda masiku awiri kulowera ku Malawi. Azakhali anabereka Domingu kumbuyo, pamutu anasenza beseni la miphika, ndipo pakati pa miphikayo panali kabuleta atamukulunga m'chitenje.

A Lolenso anamwalira ndi chifuwa chaka chachitatu, m'kampu ya kumbali ya Namwera, ndipo manda awo ali komweko. Zaka za njala azakhali anasinthitsa miphika, bulangete, mpaka chitenje cha ukwati, kuti mwana adye. Makaniko wina wa kumeneko anamva za kabuletayo n'kubwera katatu konse kudzamupempha. Anabwerera chimanjamanja. Ndimakumbukira ndili kamtsikana, ndikuwaona chaka ndi chaka akumutsuka ndi parafini ndi nthenga ya nkhuku, kenaka n'kumubwezera m'chitini. Amayi anga ankati mlamu wawo wasokonekera ndi chisoni.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Nyumba tinapeza mapulusa, chigafa chinagwa kalekale, koma pansi pa dothi ndi zitsamba karinya inalipo. Chiswe chinadya mipando, makoswe anadya mawaya, matayala anang'aluka. Amuna a m'mudzi anawalangiza kuti agwetse malata a galimotoyo apangire khola. Azakhali anapita ku Mandimba wapansi n'kubwera ndi makaniko wina wokalamba amene ankagwira ntchito ndi amuna awo kale. Awiriwo anakhala pansi pa galimotoyo chilimwe chonse. Tsiku lomaliza azakhali anatulutsa kabuleta m'chitini, anamumanga okha, anakwera, anavula nsapato, anakoka choki. Injini inatsokomola kawiri n'kulira. Sanaimbe nthungululu, sanalire misozi. Anaiyendetsa mpaka pabwalo la tchalitchi, kuzungulira kamodzi, n'kubwerera kudzatenga matumba a anthu opita kuchigayo.

Nkhani imeneyi Domingu ankaidziwa monga tonse tinkaidziwira. Koma iye anali kumbuyo, sanasenze beseni. Kwa iye kabuleta anali chitsulo chotha ngati zina zonse zimene amataya kuseri kwa ofisina.

Chimene chinathetsa mkangano sichinali Domingu. Inali nyamakazi. Zala za azakhali zinayamba kutupa m'mfundo n'kupindika, ndipo kukazizira sizinkafumbata. Tsoka lake, m'mawa wozizira umene umafuna choki chonse ndi womwewo umene unkawamanga zala. Anabisa zimenezi nthawi yaitali. Ankadzuka msanga kufunditsa madzi, kuviika manja m'beseni mpaka zala zimasuke, ndiyeno n'kupita kugalimoto ngati palibe kanthu. Amene ankawaona ankayesa ukhondo.

Ndinali kumudzi patchuthi cha pakati pa chaka pamene zinachitika za Che Saidi. Dzuwa linali litangotuluka, nkhungu ili mbuu m'dambo, moto tisanakoleze. Tinamva anthu akubwera mothamanga. Amuna anayi ananyamula Che Saidi pachitseko. Ankadula mtengo wowotchera njerwa, nkhwangwa inaterereka pamame n'kuwatema pansi pa bondo. Anawamanga ndi lamba wa njinga, koma magazi ankadonthabe m'mphepete mwa chitsekocho. Akazi awo ankatsatira, atagwira kumutu.

Azakhali sanafunse funso. Analoza kumbuyo kwa karinya, anamasula kiyi ndi mano, anakwera. Ine ndinakhala pambali pawo. Anatambasula dzanja pa choki, koma zala zinangoterereka. Anayesanso. Anayesa ndi dzanja lamanja, anayesa kupana ndi zikhatho ziwiri. Waya anali atauma ndi kuzizira, sanasunthe. Ndinaona thukuta pamphumi pawo m'chisanu chimenecho.

"Sesiliya, koka," anatero, osandiyang'ana.

Zaka zonsezo ndinali ndisanachikhudzepo. Ndinakoka chonse, iwo anapotokola kiyi, injini inalira.

"Bweza pang'ono."

Pang'ono pawo ine sindinkapadziwa. Ndinakankha chonse mkati, injini inazima. Tinayambanso. Ulendo uno, poopa kulakwitsa, ndinagwira osabweza, ndipo pamene ankati "bweza, bweza," injini inali itatsamwa kale. Fungo la gazolina linadzaza m'galimoto. Anapotokola kiyi kawiri, ndipo tonse tinamva kuti batire ikutha mphamvu. Kumbuyo akazi a Che Saidi ankaitana dzina la amuna awo.

Ndinkadikira kukalipiridwa. Azakhali anangochotsa dzanja langa, anakankha choki mkati ndi chigongono, n'kutuluka. Anauza amuna aja kuti amangenso mwendo molimba ndi chitenje n'kuukweza pamwamba pa thumba la chimanga. Mmodzi anati, "Mayi, tingomunyamula pa njinga." Iwo anati, "Pa njinga safika. Yamwa kwambiri iyi, ipume." Anaimirira pambali pa karinya, manja atawapisa m'khwapa, maso ali pansi. Ndikuganiza kuti inali nthawi yokwana kupemphera makumi awiri a korona, koma kwa ine inali ngati tsiku. Kenaka anakwera n'kunena kuti, "Kankhani." Amuna aja anaikankhira kumtsetse wa kumsewu, azakhali anaponda mafuta mpaka pansi n'kutaya kalachi. Karinya inagwedezeka, inalavula utsi wakuda, n'kulira.

Anayendetsa mpaka ku Mandimba ndi zikhatho. Che Saidi anafika atakomoka. Anawaika magazi, anawasoka, ndipo anachira, kungoti mwendowo sunawongokenso. Adokotala anatiuza kuti tachita bwino kufulumira, tikanachedwa pang'ono bwenzi zili zina. M'mawu amenewo banja la Che Saidi linamva kuyamikira. Azakhali anamva zina. Pobwerera ndinayamba kupepesa, iwo anandidula.

"Iwe unalakwa chiyani? Dzanja limene linakana ndi langa. Ndakhala ndikudziwa chaka chonse."

Masiku atatu sanatuluke pabwalo. Tsiku lachinayi anadikira dzuwa lifike pamutu, nthawi imene injini imalira yopanda choki, n'kundiuza kuti ndivale, tikupita ku Cuamba. Tinagona kwa abale ku Mandimba, m'mawa mwake tinadikiranso dzuwa. Tinafika ku ofisina masana, sitima ikulira kusiteshoni. Domingu anatuluka pansi pa lole, akupukuta manja, atadabwa.

"Amayi, kwagwanji?"

"Ika chako chija."

Domingu anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana kumbali. Azakhali anatambasula manja onse awiri patsogolo pake, kuti aone zala mmene zinalili. Anali asanamuonetsepo.

"Usaganize kuti wapambana," anatero. "Sindinanene kuti chimaposa dzanja langa. Chikuposa dzanja limene ndatsala naloli. Munthu akanafera pabwalo panga chifukwa ine ndimachita manyazi."

"Ndamva, Amayi."

"Kabuleta wa abambo ako ukamumasula, usamuponye m'mulu wakowo. Undipatse m'manja. Ndinamusenza pamutu iwe uli kumsana, ndikamusunga ndekha."

Domingu anapita pagalimoto. Anatsegula boneti n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana kabuletayo, ngati akumuona koyamba. Kenaka anatiuza kuti tipite kunyumba tikapume, ntchitoyi itenga masiku angapo. Ndinadziwa kuti akunama, chifukwa iye mwini ankanena kale kuti kusintha kabuleta ndi ntchito ya m'mawa umodzi.

Tinakhala ku Cuamba masiku anayi. Domingu anabweza magalimoto a anthu ena. Kabuleta watsopano uja, amene anamusunga pashelefu zaka zonse za mkangano, anamuphwasula n'kuchotsamo choki chokha. Anadula kachitsulo, kukapinda, kukaboola, kuyesa, kutaya, kuyambanso, mpaka anapanga chogwirizira choti choki chatsopano chikhale pa kabuleta wa abambo ake. Tsiku lachinayi anaitana amayi ake n'kutsegula boneti. Azakhali anabwera ndi chitenje choti akulungiremo kabuleta wakale. Anasuzumira, anaona kabuleta yemwe uja ali pamalo pake, atatsukidwa, ndi kachivundikiro kakuda kachilendo pambali pake. Anayang'ana nthawi yaitali. Chitenje chija anachimanga m'chiuno.

"Waya wamagetsiyu wadutsa pafupi ndi potentha," anatero. "Musunthe."

Domingu anamusuntha. Sabata yotsatira nthochi zinapita ku Cuamba, mikoko iwiri.

Asaganize munthu kuti azakhali anagonja n'kukhala chete. Anakana kuti choki chichunidwe ku Cuamba. Anamutenga Domingu mpaka ku Ngauma kuti akachichune m'mawa wa nkhungu, injini itazizira kwenikweni, iwo atatsinzina pampando akulamula kuti, "Onjeza. Wapitirira. Bweza." Anamuumiriza kuti awaonetse tizomangira titatu ta kachivundikiro kaja ndi timizere take. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Meyi uliwonse ankamasula ndi sikuludiraiva ya chigwiriro chachikulu, chimene Domingu anachikulunga ndi mphira kuti chigwirike, n'kupotoza kachivundikiro mzere umodzi. Mu Seputembala ankabwezera. Loweruka lililonse ankapukuta fumbi ndi nsalu ya parafini. Domingu ankaseka kuti amayi ake ndi munthu yekhayo padziko amene amayendetsa pamanja choki chodziyendetsa chokha.

Kudandaula sanasiye. Ankati chimathamangitsa injini ngati mwana wa sukulu wochedwa, ankati chimatsegula msanga kukakhala mphepo. Tsiku lina chinagwiradi ndi fumbi pafupi ndi Massangulo, monga ananenera. Anatsika, anachotsa chosefera mpweya, anatsegula kachitseko ndi kamtengo, n'kupitiriza ulendo, ndipo nkhani imeneyo Domingu anaimva pa Pasaka aliyense. Koma madalaivala achinyamata akawafunsa kuti chabwino n'chiti, sankanyoza chatsopanocho. Ankawafunsa kaye kuti galimotoyo amayendetsa anthu angati, amakhala kutali bwanji ndi makaniko, ndipo manja ndi makutu awo ali bwanji. Wokhala kutchire, woyendetsa yekha, wodziwa kumvetsera, ankamuuza kuti asunge waya wake. Wobwereketsa galimoto kwa alamu ndi akatekisita ankamutumiza kwa Domingu.

Anayendetsa zaka zina zisanu. Anasiya okha, popanda wowauza, tsiku limene anaona kuti sakusiyanitsanso mbuzi ndi mwana m'mbali mwa msewu. Anaitana mdzukulu wa mlongo wawo wina, mayi wa ana awiri amene amalima fodya chapafupi, n'kuyamba kumuphunzitsa m'dambo lomwe lija. Mayiyo analiza injini tsiku loyamba lomwe, kungoponda kamodzi ndi kupotokola kiyi. Azakhali anapukusa mutu n'kunena kuti masiku ano zinthu zaphweka mopanda ulemu. Maphunzirowo sanathe. Mvula itayamba azakhali anadwala chibayo, anagona sabata imodzi, n'kumwalira m'nyumba mwawo. Domingu ndiye anayendetsa karinya kupita nawo kutchalitchi ndi kumanda.

Pambuyo pa maliro banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti galimotoyo ipite ku Cuamba. Chitsulo cha pansi pake chinali chitadyeka, ndipo Domingu anati sangalole kuti inyamulenso anthu asanaikonze. Akuikonza pang'onopang'ono, Lamlungu masana. Akuti idzabwerera. Sindikudziwa ngati idzabwereradi, sindimufunsa.

Misa itatha Loweruka lija, alendo atabalalika, ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Chisakasa chimene karinya inkagonamo chikadalipo, mizati isanu ndi umodzi ndi malata anayi, limodzi lakwanyuka ndipo limagogoda kukawomba mphepo. Pansi pali tinjira tiwiri tokumbika ndi matayala, totsetserekera kumsewu. Chisoso ndi bonongwe zamera ponseponse, kupatula pakati, pamene mafuta ankadonthera zaka zonsezo. Pamenepo dothi ndi lakuda, lolimba ngati simenti, ndipo palibe chamera. Mwala umene ankatsekera tayala la kumbuyo uli pomwe unasiyidwa. Wina wayanika mphale pamkeka mbali imodzi, ndipo nkhuku yaikira mazira m'tayala lakale pakona.

Ndili chiimire pamenepo anafika bambo wina wa kumapiri, akukankha njinga. Pakaliyala panakhala mayi wodwala, wofunda bulangete kumutu, atatsamira msana wa mpando umene anaumangirira ndi zingwe. Bamboyo anaima pakhomo la chisakasa, anayang'ana mkati, anayang'ana ine. Ndinamuuza kuti azakhali anamwalira, ndipo karinya ili ku Cuamba. Anavula chipewa n'kufunsa ngati angamweko madzi. Ndinawapatsa onse awiri. Anakonza bulangete la mayiyo, anakhwimitsa zingwe, n'kutsetsereka ndi njinga yake pakati pa tinjira tiwiri tija, kulowera ku Mandimba.